Tsiku Limene Ndinawerenga Mafunde Chamumtima

Ntchito ya panyanja yamchere sindinachite kuifuna. Inandipeza nditakhala pakhonde kwathu kwa Chinakanaka, mwezi wa Juni, tiyi atasiya kuphuka ndipo ku esiteti atatiuza ife aganyu kuti tikapume kaye. Mawu akuti kupuma amakoma ali m'kamwa mwa kapitawo. Kwa munthu wokhala ndi mkazi ndi ana awiri, kupumako ndi kukhala pansi n'kumayang'ana thumba la ufa likufota.

Anabwera nayo ntchitoyo ndi amalume anga a Juliyo, achimwene awo a mayi anga. Iwo anali atakhala zaka zambiri kugombe la Mozambiki, kupitirira Mokuba, akugwira ntchito m'boti la asodzi. Tsiku limenelo anafika panjinga atanyamula bakayawo wokulunga m'pepala, ndipo anatsika njingayo ndi miyendo yawo iwiri yolimba bwino. Lero amayendera ndodo. Nkhani ya mwendo umenewo ndi imene ndikulemba pano.

"Lasitoni, boti lathu likusowa munthu wokapa madzi," anatero amalume. "Sukulu safunsa. Amangofuna msana ndi maso."

"Malume, ine kusambira ndimadziwa kwa m'Likhubula kokha, kogwira mwala."

"M'botimo palibe amadalira kusambira. Konzeka, tinyamuka Lolemba."

Msana ndinali nawo, wokula ndi dengu la tiyi. Za maso ndiye ndinkadzitama nazo. Ku esiteti ndinkadziwika kuti ndimaliwerenga phiri. Mtambo ukakhala mwakutimwakuti pamwamba pa Chambe, ndinkauza amayi othyola tiyi kuti atulutse mapepala ofunda, ndipo pasanathe ola mvula inkatsikadi. Chiperoni ndinkachimva m'mphuno chisanafike. Amalume anakandigulitsa ndi mbiri imeneyo kwa mwini boti, kuti mwana wa mlongo wawo mvula siimudzidzimutsa.

Tinadutsa pa Muloza, kukwera lole mpaka Mokuba, kenako lole ina yonunkha nsomba mpaka kugombe. Mtsogoleri wa boti kumeneko amamutchula kuti mesitire. Wathu anali bambo wamfupi, wa ndevu zoyera, wolankhula Chichewa cha pamsika wa ku Milanje chosakaniza ndi Chilomwe. Atandiona sanayang'ane nkhope yanga. Anayang'ana kumapazi, kumene ndinavala majombo anga amphira a kumunda wa tiyi, otsuka bwino.

"Awo uvule," anatero a Mesitire. "Ukagwa nawo m'madzi amadzaza, ndipo amakufikitsa pansi usanatchule dzina la mayi ako."

Anthu onse pagombepo anaseka, ndipo dzina langa linasintha pomwepo. Kwa miyezi isanu ndi inayi ndinali Wakuphiri.

Boti lathu linali lamatabwa, injini ya dizilo ili pakati, ndipo tinkakweramo anthu asanu ndi mmodzi. Zida zanga zinali zitatu: chigubu cha mafuta ophikira chodula pakati chokapira madzi, mpeni wotumbulira nsomba, ndi chisanza chopukutira injini. Boti lamatabwa silisiya kudontha, choncho wokapa madzi sasiya kuwerama. Tinkanyamuka kukangocha, kuyenda maola awiri, kenako kuponya maukonde. Ukonde unali ndi miyala m'munsi, mabotolo apulasitiki m'mwamba kuti uziyandama, ndi mbendera ya chisanza kumapeto kuti tiupeze. Tikatha kuponya tinkatsitsa nangula n'kumadikira. Madzulo tikafika kumtunda ntchito ina inkayamba: kung'amba nsomba kumsana, kuthira mchere, kuyala pathandala. Bakayawo ndinakula ndikumudya, koma sindinkadziwa kuti amapangidwa ndi manja ong'ambikang'ambika. Tiyi nayenso amacheka zala, koma m'bala lake simulowa mchere tsiku ndi tsiku.

Kutopa kwa kumeneko sindinakuonepo kwina. Miyezi itatu yoyamba ndinkasanza tsiku lililonse, ndikukapa madzi ndi dzanja limodzi, lina nditagwira thabwa. Ndikagona pamphasa, nyumba inkapitiriza kugwedezeka. Ndinkadzuka nditatopa kale.

Malo oopsa pa ulendo wonsewo sanali pakati pa nyanja. Anali pakhomo penipeni. Mudzi wathu unali m'mbali mwa mtsinje, ndipo pamene mtsinjewo umathira m'nyanja pali mulu wa mchenga wobisika pansi pa madzi. Iwo amautcha bara. Nyanja ya kumeneko imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku. Masiku abata, pa bara mumadutsa mukucheza. Koma mafunde akakula, mumadutsa pokhapokha madzi akamalowa mumtsinje. Akayamba kutuluka n'kukumana ndi mafunde ochokera kunyanja, pamaima chikhoma cha madzi, ndipo maboti ambiri anathera pamenepo anthu akuonerera ali kumtunda.

N'chifukwa chake panali ntchito ya ulonda. Maukonde akakhala m'madzi, anzanga onse ankalowa pansi pa lona n'kugona, poti kukoka ukonde kumafuna mphamvu. Ine wokapa madzi ndinkakhala maso, ndiye ulonda unali wanga. A Mesitire anandiphunzitsa sabata yoyamba.

"Funde likanyamula boti, yamba kuwerenga, osathamanga, mpaka lina linyamule. Masiku onse upeza zisanu ndi chimodzi, mwina zisanu ndi ziwiri. Amenewo ndi mafunde a mphepo ya pompano, alibe mlandu. Ukadzapitirira khumi ndi ziwiri, undidzutse, ngakhale kundiponda."

Ndinafunsa chifukwa chake. Anati namondwe akakhala kutali kwambiri, kumene diso silifika, amakankha madzi, ndipo mafunde ake amathamanga kuposa iye mwini. Amafika tsiku limodzi kapena awiri mphepo isanafike, ataliatali, osalala, opanda thovu. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva, koma mumtima ndinkati nyengo imaoneka kumwamba. Ndani anaonapo mvula ikuchokera pansi?

Mu Novembala ndinachita manyazi. Tsiku lina masana ndinaona chimtambo chakuda bii chakum'mawa, chofanana ndi chimene kwathu chimagwetsa milatho. Ndinakuwa, ndinagwedeza lona, ndinadzutsa boti lonse. Mtambowo unafika, unatinyowetsa pang'ono ngati mwana wakodzera mphasa, n'kudutsa. Anzanga anandiseka mpaka Khirisimasi. Kakangooneka kamtambo kangati nkhuku, wina ankati, "Wakuphiri, tithawe kodi?" Amalume okha sankaseka, koma ndinkaona kuti zikuwawawa, poti ndi iwo anandibweretsa. A Mesitire anangoti, "Kumwamba ukusiye. Ndinati uziwerenga." Tsiku limenelo ndinalumbira chamumtima kuti sindidzadzutsanso munthu popanda chifukwa chooneka ndi maso.

Tsiku lovutalo linafika mu Febuluwale. Tinali titatha masabata awiri tikubwerera ndi nsomba zosadzaza ndi beseni lomwe, ndipo aliyense anali wokwiya ndi wotopa. Dzulo lake wailesi inanena kuti kuli namondwe kutali, chakuchilumba cha Madagasika, koma akuoneka kuti akulowera kummwera. M'mawa kunacha bwino kwambiri. A Mesitire anaima pagombe nthawi yaitali, kenako anati tipite, koma tibwerere madzi asanayambe kutuluka, cha m'ma fili koloko. Pokwera boti anandigwira paphewa: "Lero uwerenge bwino."

Tinaponya maukonde cha m'ma naini. Pofika teni onse anali pansi pa lona. Kunalibe mphepo ngakhale yogwedeza mbendera ya ukonde. Kumwamba kunali mbee, nyanja ili yosalala ngati mafuta m'chiwaya. Kwa nthawi yoyamba chifikireni m'mimba mwanga munakhazikika, mpaka ndinadya chinangwa chophika chimene ndinkangobwerera nacho masiku onse.

Cha m'ma leveni ndinazindikira kuti boti likukwera mwachilendo. Linkanyamuka pang'onopang'ono, kukwera, kukwerabe, mpaka ndinkaona mitengo ya kokonati ya kumtunda imene pamalo amenewo sinkaoneka. Kenako linkatsika mofatsa, mitengo n'kubisika. Ndinawerenga chamumtima. Khumi ndi ziwiri. Ndinati mwina ndathamanga. Ndinawerenganso mochedwetsa dala, ndipo zinakwana khumi ndi chimodzi, mtima n'kukhala pansi. Patapita kanthawi ndinawerenganso bwinobwino: khumi ndi zinayi.

Ndinaimirira n'kuyang'ana mbali zonse zinayi. Kunalibe mtambo ndi umodzi womwe. Ndinanunkhiza mpweya monga ndinkachitira kumunda wa tiyi, osamva kanthu. Ndinayang'ana lona, mapazi a anzanga atatulukira kunja, ong'ambika ngati anga. Ndinaganiza za kuseka kuja. Ndinaganizanso kuti ndikawadzutsa tikoka maukonde opanda kanthu tsiku lakhumi ndi chisanu, ndipo mlandu ukhala wa Wakuphiri. Ndinene zoona, ndinalinso wotopa, ndipo kukwera ndi kutsika kuja kunkakoma. Ndinakhala pansi n'kutenga chigubu changa.

Thwelofu koloko ndinapeza khumi ndi zisanu. Wani koloko, khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuwerenga.

A Mesitire anadzuka okha itatsala pang'ono kukwana thu koloko. Sanayang'ane kumwamba. Anakhala tsonga, dzanja lili pathabwa, milomo ikuwerenga, funde limodzi lokha. Kenako anakuwa mawu amene sindinawamvepo, ndipo lona linauluka. Tinakoka ukonde woyamba ngati amisala, nsomba zili mbwee, zambiri kuposa masabata awiri onse aja. Wachiwiri a Mesitire anaudula ndi mpeni n'kuusiya m'madzi. Palibe anatsutsa. Injini inalira, tinaloza kumtunda.

Bara tinamumva tisanamuone. Ankalira ngati malole ambiri akutsitsa miyala. Pamene tinkafika inali itadutsa folo koloko, ndipo madzi ofiira a mumtsinje anali atayamba kale kutuluka. Tikanadzuka leveni, tikanadutsa thu koloko madzi akulowabe. Masamu amenewo ndinawachita pomwepo, chigubu chili m'manja, ndipo ndakhala ndikuwachita mpaka lero.

Kugona kunja sikukanatheka, poti mafunde ankakulirakulira. A Mesitire anazungulitsa boti kunja kwa bara kwa nthawi, akuwerenga. Mafunde akuluakulu amabwera m'magulu, atatu kapena anayi, kenako pamakhala kampata. Anatigawira malo. Awiri anakhala pansi pakati kuti boti lilemere bwino, mmodzi pa injini, ine pokapa madzi. Amalume anapita kutsogolo ndi nsungwi yaitali yoyezera kuya, chifukwa mchenga wa pa bara umasuntha, ndipo woyeza ndi amene amaloza njira. Ntchito imeneyo inali yawo zaka zonse.

"Wakuphiri, usayang'ane kumbuyo," anatero a Mesitire. "Iwe ndi chigubu basi."

Gulu lina litadutsa anatsegula injini yonse. Tinalowa. Ndinkamva amalume akufuula, "Kumanja! Kumanja pang'ono!" Ndinkakapa, kutaya, kukapa, kutaya. Kenako kuwala kwa dzuwa kunachoka m'boti, ndipo ndinayang'ana kumbuyo ngakhale anandiletsa. Funde linali litaima pamwamba pathu, lobiriwira, lalitali kuposa denga la tchalitchi chathu. Linatinyamula kumbuyo, boti linapendekeka, ndipo madzi anatigwera.

Nditatsegula maso madzi anali m'chiuno, injini ikutsokomola koma isanazime. Nsomba zonse zinali zitapita. Amalume sanali pamalo pawo. Anali atagwera pansi kutsogoloko, nangula wachitsulo atachoka pomwe tinamumanga n'kuwapanikiza ntchafu kuthabwa. Sankalira. Ankangoyang'ana mwendo wawo, umene unapindika pamalo popanda bondo.

"Kapa!" anakuwa a Mesitire. "Ukawagwira timira tonse. Kapa!"

Ndinakapa. Amalume anga ali pomwepo, mikono iwiri kuchokera pamene ndinali, ine ndinkataya madzi ndi chigubu cha mafuta ophikira. Funde lachiwiri linatikankhira mkati mwa mtsinje, ndipo mwadzidzidzi kunali bata. Kumwamba kunali kudakali koyera.

Amalume tinawanyamulira pachitseko. Tikudikira galimoto, a Mesitire anandiitanira pambali.

"Unawerenga?"

"Ndinawerenga."

"Zingati?"

"Khumi," ndinatero.

Sanakalipe, ndipo bwenzi zitandipepukira akanakalipa. Anangoti, "Cholakwa ndi changa. Sindinakuuze kuti uziwerenga mokweza. Munthu akamawerenga chamumtima amadzichotsera."

Mphepo inafika mawa lake masana, n'kusasula madenga theka la mudzi. Mvula inadula msewu, ndipo galimoto imene inatenga amalume inakhala panjira masiku awiri isanafike kuchipatala. Fupa linalumikizana mokhota. Mu Epulo ndinabwera nawo kuno pa lole, atagona pamatumba a bakayawo wa eni ake. Mayi anga atawaona akutsitsidwa anakhala pansi pamsewu n'kulira. Kenako anandigwira manja n'kundithokoza kuti ndawabweretsera mlongo wawo wamoyo. Kuthokoza kumeneko kunandilemera kuposa dengu lililonse limene ndinasenzapo.

Panyanja sindinabwererenso. Ndinalowanso ku tiyi, ndipo patapita nthawi anandilemba ntchito yokhazikika. Amalume ndinawamangira kanyumba kuseri kwa yanga. Amaluka madengu, amaweta nkhuku, ndipo kukazizira mwendo umawasautsa. Anthu amanditama kuti ndimasamala amalume. Kwa zaka zinayi sindinauze munthu aliyense, ngakhale mkazi wanga, chimene ndinkasamalira.

Chaka china, nthawi ya dzinja, wailesi inanenanso za namondwe amene anali panyanja, akuloza kugombe la Mozambiki. Kuno kunali dzuwa, phiri lili poyera mpaka pansonga. Ndinapempha tsiku kuntchito, ndinagula waya, n'kukwera padenga la amalume kumanga malata kumitengo. Aneba anga a Mayi Nachisale anaima pampanda atagwira m'chiuno.

"A Lasitoni, mwayamba kuopa dzuwa tsopano? Taonani phiri ilo, likuchita kuseka."

"Lisekeni nalo, mayi. Ine ndimanga."

Amalume anali pakhonde, ndodo ili pambali, akundipatsira waya. Kaya chinandigwira n'chiyani, mwina poti nkhope zathu sizinkaonana. Ndinalankhula ndili padenga pomwepo.

"Malume, tsiku lija sindinapeze khumi. Ndinapeza khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinayamba kuziona leveni koloko, ndipo sindinadzutse munthu."

Amalume anayankha, mawu awo ali wamba ngati akunena za mtengo wa chimanga.

"Zinali khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Iwe unkachedwetsa powerenga."

Ndinasuzumira pansi. Iwo ankawongola waya pabondo lawo labwino lija.

"Ndinali maso pansi pa lona paja," anatero. "Zaka zonse zija panyanja, ukuganiza kuti msana wanga sunkamva? Ndinawerenga katatu. Koma ndinatopa, Lasitoni. Ndinatopa kwambiri. Ndinkati mwanayu akakuwa ndidzuka, akapanda kukuwa ndiye kuti palibe kanthu. Ndinkafunanso kuti ukuwe ndiwe, kuti aleke kukuseka."

Ndinakhala padengapo, malata akundiwotcha, misozi ikutsika. Sindinganene kuti mtima unapepuka. Ndinangodziwa kuti katundu amene ndinkayesa wanga ndekha tinasenza awiri, aliyense kuseri kwa khoma lake, zaka zinayi.

"Kwatsala ngodya iyo," anatero amalume, akukweza waya. "Manga, dzuwa likupita."

Mvula ya namondwe ameneyo inafika patapita masiku awiri. Denga la amalume linakhala.

Kunyanja sindinatengeko chuma, ndipo majombo aja ndinawasiya komweko. Chimene ndinabwera nacho ndi chizolowezi chimodzi. Ndikaona chinthu chimene sichili bwino, kaya ndi mtsinje umene othyola tiyi awoloke pobwerera, kaya ndi tayala la thirakitala yonyamula anthu, ndimanena pomwepo, mokweza, aliyense amve, ngakhale ndili wotopa ndipo kumwamba kuli koyera. Nthawi zambiri sipachitika kanthu, ndipo amandiseka. Kapitawo wathu anandipatsa dzina lakuti Wailesi. Ndimavomera dzinalo, chifukwa madzulo aliwonse ndikamafika pakhomo ndimamva ndodo ya amalume ikugogoda pansi, ikubwera kudzandilonjera.